Khoma la Chaka Chino

Sindingathe kunena kuti ndinayenda zaka zingati. Matauni a m'dziko limenelo amafanana, ndipo ine ndinkawafika nyengo imodzimodzi, dzuwa likuswa mtengo, udzu wa m'bwalo atangoumeta, mizere yoyera ikununkhabe penti. Ndinkatsika basi ndi chikwama chimodzi, wina n'kundilozera bedi, wina n'kundipatsa chisoti. Ndikatsinzina lero, matauni onsewo amasanduka tauni imodzi yaitali imene ndinalowera uku koma osatulukira uko.

Kwathu ndinali wonyamula matabwa kumapiri. Tsiku lina kunabwera mlendo wa kutsidya kwa nyanja, wokumba mijigo, ndipo lole yake inatitimira m'matope. Tinakankha anthu angapo, koma iye anayang'ana ine ndekha. Anandiyeza mikono ndi chingwe n'kundifunsa ngati ndimathamanga. Ndinati ndimathamanga pakakhala chifukwa. Anaseka, ndipo kuseka kwakeko n'kumene kunandikweza ndege.

Anandipezera malo pasukulu ina yaikulu, kumene ndinaphunzira mpira wa zisoti. Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku, ndipo amaunyamula m'manja. Timu iliyonse ili ndi magulu awiri: lina limapita ndi mpira kutsogolo, lina limatchinga mpirawo ukakhala ndi adani. Ine anandiika kwa otchinga, pamzere wakutsogolo, pamene zimphona zimawerama maso ndi maso. Ntchito yanga inali imodzi, kuboola alonda a adani n'kukagwetsa woponya mpira asanauponye.

Sukulu itatha, anzanga otchuka anatengedwa ndi matimu akuluakulu dziko lonse likuonerera pa kanema. Ine palibe ananditchula. Koma ejenti wanga, wondifunira matimu, bambo wolankhula mothamanga amene ndinkangomumva pafoni, anati ndisade nkhawa. Sizoni isanayambe timu iliyonse imalowa m'bindikiro ndi anthu ochuluka kuposa amene ikuwafuna, kenako imachotsamo pafupifupi theka.

"Iwe ingolowa," anatero. "Zinazo ukazionera komweko."

Tauni yoyamba inali pakati pa minda ya chimanga, chimanga chokhachokha mpaka kumene maso alekezera. M'basi wailesi inkakamba za timu imene ndinkapitako. Olengeza ankati chaka chatha otchinga anali dengu lobooka, koma chaka chino abweretsa magazi atsopano, chaka chino ndi khoma. Ndinkaganiza kuti magazi atsopanowo akunena ine.

Kochi wa kumeneko anali wa mawu osasa. Dzina langa linamukanika, choncho ankangonditchula kuti Mtengo. M'chipinda anandiphatikiza ndi munthu wina wamkulu kwa ine, Ambrose Tillery, amene zala zake zinali zokhotakhota ngati mizu ya chinangwa. Anali atasewera m'matimu ambiri moti ena ankawaiwala. Tsiku loyamba anandionerera ndikudumpha mzere nthawi isanakwane, wezulo ikulira, kochi akutukwana. Titapuma anandikokera pamthunzi.

"Mphwanga, ukumvera chiyani?"

"Woponya uja akakuwa, ndiye kuti ayamba."

"Amakuwa dala kuti upusitsike. Khutu ndi labodza. Yang'ana dzanja limene lagwira mpira pansi. Dzanjalo likagwedezeka, pita. Likapanda kugwedezeka, ngakhale amayi ako aitane, usasunthe."

Ndinayesetsa. Koma thupi linali litazolowera kumvera mawu, ndipo pa masewero opimana mphamvu ndinadumphanso, timu yathu n'kulangidwa. M'mawa wina kunamveka kugogoda. Anali munthu wa kuofesi, wovala malaya ositidwa bwino, ndipo maso ake anali pa nsapato zanga.

"Kochi akukufuna. Tenga chisoti chako."

Kochi anandipatsa mpando, chinthu chimene anali asanachitepo. "Thupi uli nalo, Mtengo," anatero. "Maso ndi amene sanapse. Tikanakhala ndi nthawi tikanakuphunzitsa." Anandigwira chanza n'kuyang'ana kukhomo, kumene kunali kutaima kale wina ndi chisoti chake m'manja.

Nyengo yozizira ndinagwira ntchito yosamutsa katundu wa anthu, kukweza mafiriji m'nyumba zosanja. Nthawi imeneyo kunachitika maliro a munthu wakwathu, ndipo tonse a kumudzi amene tinali m'dera limenelo tinasonkhana. Kumeneko ndinakumana ndi Mwandida. Ankasamalira nkhalamba m'nyumba ina yaikulu, kuzisambitsa ndi kuzidyetsa. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti ndimagwira ntchito yanji. Nditamuuza, anaika dzanja pakamwa.

"Mpira wake uti umene munthu amasewera miyezi iwiri pachaka, n'kubwerako dzino litaguluka?"

Tinakwatirana chipale chofewa chisanasungunuke. Tinapeza kachipinda pamwamba pa sitolo yochapira zovala, kofunda chifukwa cha makina a pansi. M'bandakucha ndinkaika mpira patebulo, Mwandida n'kuugwira akumwa tiyi, kwinaku akukuwa zilizonse zimene zamubwerera. Ndinaphunzira kusasuntha mpaka dzanja lake litagwedezeka.

Dzuwa litabwerera, ejenti anaimba. Tauni yachiwiri inali ya mafakitale akufa, machumuni ataliatali osatulutsa utsi, mawindo osweka. Anthu a kumeneko analibe china chonyadira koma timu yawo. Wailesi ya m'basi inkati chaka chatha otchinga anawachititsa manyazi, koma chaka chino ndi khoma. Mawu a wolengeza anali ena, koma nkhani inali yomweyo.

Kumeneko ankanditchula kuti Njanji. Nditalowa m'chipinda ndinapeza Ambrose atakhala pabedi, akumanga zala zake ndi bandeji.

"Akulu, nanunso?"

"Nanenso, mphwanga. Anadikira kuti iwe ufike padepoti, kenako anagogoda kwa ine."

Chaka chimenecho sindinadumphe mzere ngakhale kamodzi. Vuto linali lina. Ndikaboola alonda, wothamanga ndi mpira ankagwedeza mutu kumanzere, ine n'kupita kumanzere, iye n'kudutsa kumanja, ine n'kukumbatira mphepo.

"Mutu ndi wabodza, mapewa ndi abodza," anatero Ambrose. "Yang'ana m'chiuno. Munthu sangapite kumene chiuno chake sichikupita."

Ndinayang'ana m'chiuno, ndipo anthu anayamba kugwa. Atolankhani awiri anandifunsa kalembedwe ka dzina langa. Ndinaimbira Mwandida n'kumuuza kuti ulendo uno zatheka. Koma m'kati mwa m'bindikiro momwemo eni timu anachotsa kochi wa otchinga n'kubweretsa wina. Watsopanoyo sankafuna anthu anayi othamanga kutsogolo. Ankafuna atatu olemera ngati miyala, oti asasunthe. M'mawa wina kunamveka kugogoda. Munthu wa kuofesi anali wina, koma malaya anali ositidwa chimodzimodzi.

"Maso uli nawo, Njanji," anatero kochi. "Koma wapepuka. Ukanakhala ndi mnofu wina pang'ono."

Ndinadya nyengo yonse yozizira. Ndinadya mazira, nyemba, nkhuku, mpaka chakudya chinasanduka ntchito. Mwandida ankaphika mimba ili kutsogolo, akupukusa mutu. "M'nyumba muno woyembekezera ndani, ine kapena inu?"

Tauni yachitatu inali m'chipululu. Kunalibe mtengo woti munthu n'kuusapo, ndipo tinkayeserera m'chinyumba chachikulu cha mphepo yozizira, pa udzu wapulasitiki. Kochi wa kumeneko anandiyeza pasikelo, n'kundiuza kuti ndithamange kuchokera mzere wina kukafika wina. Anayang'ana wotchi yake nthawi yaitali.

"Ndani anakuuza kuti unenepe? Kuno timafuna mphepo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma wezulo inali italira kale.

Mwana wanga anabadwa ndili kumeneko. Kulira kwake koyamba ndinakumva pafoni, nditaima m'khonde, chisoti chili m'khwapa. Tinamutcha Tayanjana. Ndinapempha kuti ndikamuone tsiku limodzi lokha. Kochi anati ndine mfulu kupita, koma bedi langa silidzandidikira. Sindinapite.

Ambrose analinso komweko. Tinali ngati mbalame ziwiri zotsata mvula imodzi. Pa masewero opimana mphamvu anagundana mutu ndi chimphona china, phokoso lake n'kumveka mpaka kumipando yakumbuyo. Anadzuka yekha, akuseka, n'kuyenda kupita kubenchi ya adani. Ndinathamanga kukamugwira dzanja.

"Akulu, kwathu ndi uku."

Anandiyang'ana mwaulemu, ngati mmene munthu amayang'anira mlendo wofunsa njira. "Kodi chimanga chija akolola?" anafunsa.

Anamutengera kuchipatala. Ine anandigogodera patapita masiku ochepa. Mawu a kochi sindikuwakumbuka. Ndikukumbuka kuti ndikutuluka ndinapeza kale munthu akumata dzina la wina pakabati yanga.

Zaka zotsatira zinalowana. Kunali tauni ya madambo, kumene udzudzu unkalowa m'chisoti, ndipo anati ndine wabwino koma ali kale ndi wofanana nane. Kunali tauni ya m'mphepete mwa phiri, kumene mpweya unkaperewera, ndipo anati ndikanabwera chaka chatha. Kwina anandisunga mpaka tsiku lomaliza, kwina anandibweza ndisanamasule chikwama. Kulikonse wailesi inkati chaka chino ndi khoma. Ndinayamba kuwerenga nkhope za anyamata atsopano m'basi, n'kumadziwa amene adzalire ndi amene adzamenye chitseko. Nyengo yozizira ndinasiya kubwerera kunyumba, chifukwa ejenti ankati ndizisewera m'matimu ang'onoang'ono kuti ndisaiwalike. Ndinasewera m'mabwalo a mipando yopanda anthu, m'matauni amene ngakhale eni ake ankafuna kuthawamo. Tayanjana ankakula pafoni. Lero akukwawa, mawa akuyenda, mkuja akukana kulankhula nane chifukwa ali kalikiliki ndi zidole.

"Bambo a Tayanjana," anatero Mwandida pafoni tsiku lina, "ine sindikukuletsani. Koma ndiuzeni kuti zidzatha liti, kuti ndidziwe chomuuza mwanayu."

"Chaka chino chokha."

"Chaka chatha munateronso."

"Chaka chatha ndinali ndisanadziwe zimene ndikudziwa pano."

Ndinamva makina ochapira akuzungulira pansi pake.

Tauni yomaliza inali ya milatho. Mtsinje unkadutsa pakati, ndipo kulikonse kumene munthu akupita ankayenera kuwoloka. Timu ya kumeneko inali itagonja kwambiri chaka chapitacho, moti otchinga ake onse akale anali atabalalika. Malo analipo enieni. Ndinafika ndili wamkulu kuposa onse pamzere wathu, tsitsi loyera litayamba kuoneka m'ndevu.

Wondilandira pakhomo anali Ambrose. Anali atavala malaya ositidwa bwino. Anasiya kusewera chichokereni m'chipululu, ndipo timuyi inamulemba ntchito kuofesi, yolandira osewera ndi kuwasonyeza zipinda. Anandizindikira, tinakumbatirana, koma polankhula mawu ena ankamuthawa, n'kumaima pakati pa chiganizo ngati munthu amene walowa m'chipinda n'kuiwala chimene wadzatenga.

Kochi wa otchinga anali Vandiver, munthu wamfupi wosakuwa. Ndiye yekha mwa makochi onse amene anandifunsa katchulidwe ka dzina langa, n'kulibwereza mpaka kulikhoza. Sanandiuze kuti ndinenepe kapena ndiphwe. Anangondiika pamzere n'kunena kuti, "Ndionetse zimene matauni onsewa anakuphunzitsa."

Ndinamuonetsa. Ndinkadziwa mlonda amene watopa pongomva kapumidwe kake. Ndinkadziwa kuti mpira uponyedwa kapena authamangitsa poona mmene zala za mlonda zakhalira pa udzu. Miyendo inali itayamba kuchedwa, koma ndinkanyamuka ena asanaganize. Anyamata anayamba kundifunsa zinthu, ine n'kumawauza za dzanja ndi chiuno.

Pa masewero omaliza opimana mphamvu bwalo linadzaza. Chakumapeto adani anafika pafupi ndi mzere wathu, atangotsala pang'ono kugoletsa. Woponya wawo anakuwa, mnzanga wa kumanja anagwedezeka, ine sindinasunthe. Dzanja litasuntha ndinalowa pansi pa mkono wa mlonda, ndinamusiya akugwira mphepo, ndipo woponya uja anandiona mochedwa. Tinagwa limodzi, mpira n'kumupulumuka. Phokoso la anthu linandilowa m'mafupa. Ndili chigonere pa udzupo ndinayang'ana kumwamba n'kuganiza kuti, kani zimakhala chonchi.

Tsiku lochotsa anthu ndinadzuka m'mamawa, ndinalongedza chikwama monga mwa chizolowezi, n'kukhala pabedi. Ndinamva kugogoda kuchipinda cha kumanzere. Ndinamva kwa kumanja. Mapazi anadutsa pakhomo panga osaima. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, chitseko changa chili zii. Kenako Vandiver mwiniwake anasuzumira.

"Wakhaliranji ndi chikwama? Masula. Walowa."

Ndinaimbira Mwandida. "Mayi a Tayanjana, bwerani. Nonse awiri. Kuno kuli nyumba za m'mbali mwa mtsinje, kuli sukulu ya mkaka pafupi."

"Mwatsimikiza?"

"Kochi wanena ndi pakamwa pake."

"Chifukwa ndikasiya ntchito kuno, malo anga atenga wina mawa lomwe. Chipindachinso pali kale amene akuchifuna."

"Siyani zonse. Kuyendayenda kwatha."

Ndinamva akuseka ndi kulira pamodzi. Anatsanzika nkhalamba zake, anapereka makiyi, anagawa mipando kwa anansi, n'kukwera basi ya ulendo wa masiku awiri.

Ali m'njira, timu ina yaikulu ya kutali inachotsa wosewera wake wotchuka, mnyamata amene nkhope yake inkapezeka pa zikwangwani. Anali atakangana ndi makochi ake. Wailesi ya m'chipinda chodyera inasokosera nazo m'mawa wonse, kuti munthu ngati ameneyu ndi amene akusoweka pakhoma lathu. Anzanga anadya osandiyang'ana. Malo a m'timu ndi owerengeka. Wina akalowa, wina atuluke.

Kugogoda kwake kunali kwapansipansi. Nditatsegula ndinapeza Ambrose. Anaima ndi manja m'mbali, milomo ikugwedezeka. Anayang'ana kudenga, anayang'ana ine.

"Mphwanga, andituma kuti... kuti ndikuuze..."

Mawu anamuthawa, kaya ndi mutu wake uja kaya ndi mtima. Ndinadikira. Misozi inayamba kulengeza m'maso mwake.

"Kochi akundifuna," ndinatero. "Nditenge chisoti changa."

"Eya," anatero. "Ndi zimenezo."

Vandiver sanandipatse mpando, ndipo nayenso sanakhale. "Si ine," anatero. "Ndi eni timu. Ndakana mpaka mawu kuuma."

Zaka zonsezo ndinkagwira chanza n'kuthokoza. Tsiku limenelo pakamwa panatseguka pokha.

"Ndiuzeni chimene ndalakwa, kochi. Kwina anati maso, ndinakonza maso. Kwina anati ndapepuka, ndinadya mpaka kudana ndi chakudya. Kwina anati ndalemera. Mwana wanga anabadwa ine ndili m'khonde. Lero nditchulireni chinthu chimodzi choti ndikakonze."

"Palibe."

"Palibe?"

"Palibe chimene walakwa. Ukanakhala ndi cholakwa zikanandipepukira."

Ndinaika chisoti patebulo pake mwamphamvu moti kapu yake ya khofi inagwa. Sanaitole. Ndinatuluka, ndinawoloka mlatho wapansi chikwama chili paphewa, ndipo pakati pa mlathowo ndinaima n'kukuwa m'chinenero cha kwathu, mawu amene sindingawabwereze. Magalimoto ankangodutsa.

Basi yawo inafika masana. Anayamba kutsika Mwandida, ataonda pang'ono, akukoka chikwama chachikulu chomangidwa ndi lamba. Pambuyo pake panatsika kamtsikana kamiyendo yaitali, kovala jezi ya timu ya m'tauniyo, yomufika m'mawondo. Amayi ake anali atamugulira m'njira. Anandiyang'ana mwamanyazi n'kubisala kuseri kwa siketi.

Mwandida anandimwetulira, kenako maso ake anatsikira pa chikwama changa. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Anakhala pabenchi ya padepoti n'kuvula nsapato imodzi, kutikita phazi lotupa.

"Mayi a Tayanjana..."

"Dikirani kaye. Ndipume."

Ndinakhala kumapeto kwa benchi. Mwana uja anazungulira, anandiyandikira, n'kugwira chala changa chimodzi chokhota, kuchitembenuza uku ndi uku ngati chinthu chotola panjira. Kenako anakwera pamwendo panga osapempha, anatsamira pachifuwa, ndipo posakhalitsa anagona. Ulendo unali utamutopetsa.

Foni inalira m'thumba. Anali ejenti, mawu akuthamanga ngati kale. Timu ina ya kumpoto, munthu wawo wathyoka mwendo, akufuna kundiyesa. Sakulonjeza kanthu, koma aona zimene ndinachita pa masewero aja. Basi ikunyamuka padepoti pomwepo dzuwa lisanalowe.

"Ndipatseni mpaka mawa."

"Mawa kulibe. Ukapanda kukwera lero aitana wina."

Ndinaiona basiyo. Inali itaima chapatali pang'ono, chitseko chili chotsegula, dalaivala akusuta panja. Thupi langa lonse linkaidziwa. Ndinkadziwa fungo la mipando yake. Ndinkadziwanso kuti ndikhoza, kuti sindinakhalepo wokhoza kuposa mmene ndinaliri tsiku limenelo, ndipo chimenechi n'chimene chinkandipweteka. Mwandida ankayang'ana kutsogolo, osanena kuti pitani, osanena kuti khalani. Mpweya wa mwana unkandifunditsa malaya.

"Aitaneni winayo," ndinatero.

"Wati chiyani? Ukudziwa kuti ukakana lero sadzaimbanso?"

"Ndikudziwa."

Ndinadula foni. Sindinamve mtendere uliwonse. Mkwiyo unali pomwepo, wathunthu, ndipo ndinauonerera limodzi ndi basi ija mpaka dalaivala anataya ndudu, anakwera, n'kutseka chitseko.

Mwandida anavala nsapato yake n'kuimirira. Anayang'ana nyumba za kutsidya kwa mtsinje, kumene tinalibe chipinda, ntchito kapena munthu wotidziwa.

"Nkhalamba ziliko kulikonse," anatero. "Mawa ndikafunsa. Lero tipeze pogona." Anandilozera chikwama chachikulu chija. "Mwanayo musamudzutse. Ichi nyamulani ndi dzanja linalo. Thupi lonseli lipezeko ntchito."